Dzanja Lamanzere la Onui

Okuyasu, Tokushima
8 Seputembala 1974

Wokondedwa mlongo wanga Tamae,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Osaka. Ife kuno tilipo. Mpunga wayamba kuwerama, koma nguluwe zalowa kawiri m'munda wa mbatata, ndipo mlamu wako Fusae akuti ndikapanda kukonza mpanda sabata ino azikagona kumundako yekha ndi nkhwangwa. Ukumudziwa kuyambira kusukulu, akhoza kutero. Kalata yako yomaliza inali ya Chaka Chatsopano, mizere inayi. Tiuzeko za kumeneko. Udakali ku fakitale ya maambulera ija? Chifuwa chija chinatha?

Ndisazungulire monga ndimachitira. Mwambo wa kukachisi uli pa 3 Novembala, ndipo akuluakulu agwirizana kuti chaka chino zidole zisewere Onui ndi Sahei, sewero lonse mpaka kumtsinje. Agwirizananso, ngakhale palibe wanena mokweza, kuti aka n'komaliza. Pamudzi patsala nyumba khumi ndi zinayi zofuka utsi. Sukulu anatseka mu Malichi. Woimba nkhani wathu mano anatha, akamati "Sahei" zimamveka ngati akuuzira tiyi.

Vuto ndi ili. Ukudziwa wekha kuti chidole sichiyenda ndi anthu awiri. Pamafunika wa mutu ndi dzanja lamanja, wa dzanja lamanzere, ndi wa kumiyendo. Titawerengana, Sahei wakwana, bambo ake a Onui akwana, koma Onui alibe dzanja lamanzere. Mayi Kameyo, amene akhala akuligwira chichokere iwe, mwana wawo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Kobe. Tayesa Fusae. Fusae ndi mkazi wabwino, koma akagwira dzanja la Onui limaoneka ngati likufuna kumenya munthu.

Bambo ali ndi zaka 73. Zaka 40 akhala akunyamula mutu wa Onui, ndipo sindikufuna kuti komaliza amunyamule dzanja limodzi lili lakufa. Iwe unaphunzira dzanja limenelo uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Palibe wina. Ndikudziwa kuti papita zaka 16, ndipo ndikudziwa mmene unachokera. Komabe ndalemba.

Fusae wamanga timandimu ta kuseri kwa nyumba m'kaphukusi, tifika padera.

Ndine mlongo wako,
Shozo


Osaka
19 Seputembala 1974

Achimwene,

Moni nonse. Timandimu tafika, zikomo, ngakhale theka tinaphwanyika ndipo wa positi wandiyang'ana ngati ndine ndamunyowetsera chikwama. Ndidakali ku maambulera. Ndimasoka nsalu pa nthiti za waya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mvula ikagwa abwana amamwetulira. Chifuwa chinatha. Chipinda ndi chomwechija, zenera loyang'ana khoma la anzathu. Lamlungu ndimachapa, kenako ndimakwera sitima yozungulira tauni mpaka kubwerera pomwe ndinakwerera, kuti ndingomva anthu akulankhula. Nkhani za kuno ndi zomwezo.

Mwati simuzungulira, koma mwazungulira phiri lonse osanena chinthu chimodzi. Wandiitana ndani? Inu, kapena Bambo? M'kalata yanu Bambo ali ndi zaka, ali ndi mutu wa chidole, koma alibe pakamwa.

Ndikukumbutseni, poti inu zowawa mumaiwala msanga. Nditawauza kuti ndikufuna kukwatiwa ndi Noboru, woyendetsa lole ya matabwa, sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoika timitengo todyera pansi n'kupita kukapesa tsitsi la Onui. Ndinadikira yankho chaka chathunthu, achimwene, ndikuwaphikira, ndikuima pambali pawo pansanja. Inde sanabwere, ayi sanabwere. Tsiku limene ndinakwera basi mudzi wonse unali pamsewu kupatula iwo. Noboru atamwalira pangozi ija munabwera ndinu nokha, ndi envelopu ya chipepeso yopanda kalata.

Ndiye mukufuna ndibwere kudzasewera Onui ndi Sahei, pa masewero onsewa! Ndili mwana ndinkalira nalo. Tsopano limandikwiyitsa. Mtsikana akumuuza mwamuna kuti, "Akundikwatitsa kwa wamalonda a mpunga, tiye tithawe lero." Sahei, chimunthu chonse chija chotsitsa mitengo pamtsinje, akuti, "Dikira, ndikalankhula ndi bambo ako." Akupita pachipata katatu, ndipo katatu konse akungovula chipewa n'kubwerera. Anthu amati anapha Onui ndi bambo ake aumbombo. Bodza. Bambo aumbombo umadziwa pothawira. Anamupha ndi munthu wabwino wosatsegula pakamwa. Ndipo pamapeto, Onui atadziponya mumtsinje, Sahei akamamulondola m'madzi atavala zovala zake zabwino, azimayi n'kumafwenthera, ine ndimafuna kukuwa kuti wachedwa chitsiru iwe, madziwo ungowadetsa.

Chimene sindimvetsa mpaka lero n'chakuti munthu amene amaliritsa Onui mpaka agalu kukhala chete ndi yemweyo amene sangathe kunena mawu awiri kwa mwana wake.

Ndiyankheni funso langa. Musandiimbire lamya kufakitale, abwana sakonda.

Tamae


Okuyasu
1 Okutobala 1974

Mlongo wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa tinali kudula mpunga, komanso chifukwa kalata yako ndaiwerenga kasanu ndisanapeze poyambira. Tonse tili bwino. Mpanda ndakonza.

Funso lako. Bambo sananene kuti ndikuitane, sindikunamiza. Koma nditawauza kuti ndakulembera, sananenenso kuti ndalakwa. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde atatulutsa kandodo kako koyendetsera dzanja, kaja unakulunga ulusi wofiira pogwirira, akukapukuta ndi mafuta. Mayi Kameyo zaka zonsezi ankagwiritsa ntchito kena. Kako kanali m'bokosi la Bambo, ine osadziwa. Zimenezi uzimve mmene ungazimvere.

Za Sahei sindigwirizana nawe, ndipo usaseke kuti ndikumuikira kumbuyo poti ndanyamula mutu wake zaka khumi. Munthu ameneyu ndimadziwa kulemera kwake. Pachipata paja sikuti alibe mawu. Mawu ndi ochuluka, ndiye amatsekerezana pakhosi ngati mitengo pokhota mtsinje. Akudziwa kuti akalankhula molakwa kamodzi chipata chitsekedwa mpaka kalekale, ndiye akuti bola mawa. Onui ndi moto wa udzu, iye zonse ndi lero. Akanangodikira mpaka madzulo a tsiku laukwati lija, akanamuona Sahei akubwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo amati seweroli silifuna munthu woipa, limangofuna wofulumira mmodzi ndi wochedwa mmodzi, basi maliro akwana. Anandiuza zimenezi ndikuphunzira, ndipo sindikumbuka kuti analankhulapo mawu aatali kuposa amenewa.

Ukabwera zikhala chonchi. Bambo kumutu, iwe dzanja lamanzere, a Tokuji kumiyendo. A Tokuji akalamba ndipo botolo sanalisiye, koma mawondo adakali nawo. Onui alibe miyendo, ukukumbuka, ndiye n'kungolowetsa zibakera m'mphepete mwa chovala chake n'kumayenda chonjuta ola lonse. Palibe wina wavomera ntchito ya ophunzira kumene imeneyo.

Shozo

Tamae, ndine Fusae, ndalanda cholembera. Achimwene akowa akamalemba kalata amatuluka thukuta ngati akulima. Ine ndinena mwachidule: bwera. Ndatopa kukhala ndi amuna awiri amene tsiku lonse amalankhula mawu asanu, atatu mwa iwo ndi "tiyi". Chovala chako chakuda ndachapa, njenjete zinangolawa pang'ono pamkono. Ndipo zoti dzanja langa limafuna kumenya munthu n'zoona, munthuyo ndikumudziwa.


Osaka
14 Okutobala 1974

Achimwene ndi alamu,

Moni. Ndamva. Kandodo apukuta, chabwino. Bambo zipangizo amasamala, zimenezo sindinakanepo.

Ndibwera, koma chifukwa cha Onui, osati iwo. Sindikufuna kuti komaliza alowe mumtsinje ndi dzanja la ndewu. Ndikaweruka ndakhala ndikuyeserera ndi chogwirira cha ambulera, ndipo dzanja langa likukumbuka zonse, zomwe zandikwiyitsa kwambiri. Mayi wa chipinda choyandikana anasuzumira pakhomo, tsopano sandipatsanso moni.

Mfundo zanga ndi izi. Ndikwera sitima yapamadzi Loweruka, ndigona kudoko, ndifika ndi basi ya m'mawa Lamlungu sewero litayamba kale. Onui salowa mpaka gawo lachiwiri, nthawi ikwana. Fusae andidikire kuseri kwa nsanja ndi chovala ndi chophimba kumaso. M'nyumba sindilowa. Ndibwerera ndi basi ya 3 koloko. Lamulo ndi lawo lomwe, anandiphunzitsa okha: wovala zakuda amakhala ngati palibe, sapatsidwa moni, satchulidwa dzina, salankhula. Ndiye sipakhala chovuta kwa aliyense. Iwo adzaima nkhope poyera monga mwa nthawi zonse, atavala zaulemu, anthu n'kumawaombera m'manja. Ine ndidzangokhala kumanzere kwawo.

Ngati ali ndi mawu, akudziwa pamene basi imaima.

Za nkhono zanuzo, achimwene, ine ndinadekha chaka chathunthu. Maso sindinawaone.

Tamae


Okuyasu
31 Okutobala 1974

Tamae,

Moni. Ndikulemba mofulumira, wa positi akudikira pakhomo, akumwa kapu yachiwiri. Kalata iyi ndinayenera kuilemba masabata awiri apitawo.

Pa 17 Bambo anagwa pakhonde akupachika zipatso kuti ziume. Dokotala wa kumunsi akuti ndi kamtsempha ka m'mutu, kakang'ono. Akuyenda, akudya, koma dzanja lamanja lafooka ndipo pakamwa papotoka pang'ono. Onui sangamunyamule. Anayesa, mutu unagwera pambali ngati mwana wogona kumsana.

Anandiletsa kukuuza. Anati, "Akamva abwera chifukwa cha chisoni. Usamuuze." Ndiye ine tsiku lililonse ndimati ndilemba mawa. Useke ngati ukufuna. Ngakhale lero sakudziwa kuti ndalemba.

Zasintha motere. Ine ndinyamula mutu wa Onui. A Tokuji atenga Sahei. Kumiyendo tinati tikapemphe munthu kumudzi wakumunsi, koma Bambo anati, "Miyendo ndi ine." Ndinawauza kuti munthu wa zaka 73 sanganjute ola lonse, komanso kuti mudzi wonse uchita manyazi kuona mphunzitsi wawo pamalo pa ophunzira. Anati ndiye tonse tiphimbe nkhope, chaka chino pasakhale woima poyera. Ndinakakamirabe. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wa kumiyendo amakhala pafupi ndi ndani?" Ndinagonja. Akuyeserera tsiku lililonse, chibakera chamanja amachimanga ndi nsalu kuti chisatseguke.

Ndiye Lamlungu munthu wonjuta pafupi ndi bondo lako ndi Bambo. Akachedwa kuponda, uwapirire. Akatsamira, uwasiye atsamire. Ndipo chonde, basi ya 3 koloko uisiye ipite. Ilipo ina Lolemba m'mawa.

Wa positi akuti ikupeza Loweruka usananyamuke, msewu ukakhala bwino.

Shozo


M'sitima yapamadzi
3 Novembala 1974

Achimwene,

Moni, ngakhale tasiyana maola ochepa apitawo, ngati kumeneko n'kuonana. Ndikulembera pabondo, sitima ikugwedezeka, mukhululukire zilembo. Ndiiponya ndikangotsika, ndisanasinthe maganizo.

Fusae wandilandira bwino. Wandiveka mothamanga uku akufunsa kuti, "Kalata ya achimwene ako unaiona?" Ndati eya, ndipo wandifinya dzanja ngati ndachita chachikulu. Kandodo kopukutidwa kokhako, mlamu, n'kofinyira munthu dzanja?

Ndakwera pansanja. Pansi pali nkhalamba zokhazokha pamikeka ndi timabokosi tawo ta mpunga, ena ndawazindikira, ena imvi zandisokoneza. Kenako ndatembenuka, ndipo ndaona kuti Bambo aphimba nkhope. Zaka 40 akhala akuima poyera, mvula kapena dzuwa. Lero, tsiku limene mwana wawo wabwera, abisala. Ndinkayesa kuti ndinauma mtima, achimwene, koma zandipweteka mpaka m'mano. Ndinali nditadziuza kuti mawu awo sindikuwafuna, ndingowaona nkhope kudzera m'kansalu, ndione mmene akalambira. Ngakhale zimenezo andimana.

Koma Onui! Mutu utangopendekeka, dzanja langa lapita lokha. Zizindikiro zawo ndi zomwezija, phewa likatsika ndiye kuti tigwada, chibwano chikakwera ndiye kuti dzanja lipite pachifuwa. Alemera pang'ono, Onui wawo salira ngati kale, komabe ola lonselo ndinali kwathu. Zaka khumi ndakhala ndikudya ndekha moyang'ana khoma, ndipo ndinaiwala kuti anthu atatu angathe kupuma mpweya umodzi.

Atatu ndanama. Awiri. A Tokuji anu aja andionongera tsiku. Kuponda mochedwa, chovala kukokera mbali imodzi, kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndiye kutsamirako! Kuyambira pachipata mpaka kumtsinje phewa lawo lili pamwendo panga. Ndasuntha, anditsata. Pofika pamene Onui amaima m'mphepete mwa madzi n'kuyang'ana kunjira komaliza, malo amene ndimawakonda koposa m'sewero lonse, andigwira chakukakolo ndi dzanja. Ndaphwanya lamulo. Ndawerama n'kunong'ona kuti, "Mdala inu, ngati mwaledzera kagoneni kwanu. Musandikhudze." Ndipo ndawagunda ndi bondo m'nthiti, mwamphamvu ndithu. Agwera pa dzanja limodzi, adzuka, apitiriza. Sanandikhudzenso. Muwauze kuti sindipepesa.

Anthu aomba m'manja, azimayi afwenthera monga mwa masiku onse. Ndavula zakuda, ndapereka kandodo kwa Fusae amene amandikoka mkono uku akunena za chakudya, ndathamanga kutsika masitepe a kachisi. Pamalo a basi ndaima mphindi khumi. Ndikuvomera, ndimayang'ana kumtunda. Bambo sanabwere. Amene atulukira ndi a kumiyendo aja okha, chophimba chidakali kumaso, akutsika sitepe imodziimodzi atagwira m'nthiti, kubwera kudzandidandaulira. Basi yafika iwo ali pakati. Akweza dzanja. Ine ndakwera.

Mwaona? Sahei wanu ngakhale ku basi safika. M'sitima muno aliyense ali ndi womusendera lalanje, ine ndili ndi pepala ili. Musandiitanenso.

Tamae


Osaka
5 Novembala 1974

Achimwene,

Ndaweruka kuntchito, ndapeza kalata yanu ya pa 31 pansi pa chitseko. Yafika lero, Lachiwiri.

Ndaiwerenga nditaima, nsapato ndisanavule. Kenako ndakhala pansi pomwepo.

Kalata ndinalemba m'sitima ija ndinaiponya kale. Ikafika muiwotche, Bambo asaione. Kapena aione, palibe kusiyana, mawuwo anawamva kale ndi khutu lawo.

Ndiuzeni zoona, musazungulire. Nthiti zathyoka? Akudya? Ndinawauza kuti asandikhudze, achimwene. Anatsika masitepe onse aja ndi mawondo amenewo, anakweza dzanja, ndipo ine ndinakwera basi.

Ndatenga pepala lina kuti ndiwalembere iwo. Ndalemba "Bambo" ndipo ola latha, palibe china chatuluka. Ndili ndi mantha.

Tamae


Okuyasu
11 Novembala 1974

Mlamu,

Moni. Ndikulemba ndine Fusae, chifukwa achimwene ako akhala masiku awiri akuyang'ana pepala, ndipo tikadikira iwo chipale chofewa chitipeza.

Nthiti sizinathyoke. Dokotala wakhudzakhudza, akuti n'kutupa chabe. Akudya, pang'ono. Mawondo ndiwo anawagoneka masiku atatu.

Wolakwa tisamusake, tilipo ambiri. Phiri linagumukira pamsewu Lachinayi lomwelo limene Shozo anakulembera, wa positi anagona kumudzi wakumunsi masiku awiri, ndipo palibe mwa ife anaganiza za kalata ija. Ine ndinakufunsa funso latheka n'kukhutira ndi yankho latheka. Shozo bondo lija analiona, koma mawu sanawamve chifukwa cha nyimbo. Ankayesa kuti ukudziwa amene ukumugunda. N'chifukwa chake sanakutsate, ndipo anakhala masiku atatu osatchula dzina lako, nkhope ngati mphika wopserera. A Tokuji okha ndiwo akusangalala, akuti zaka makumi atatu akumwa koma sanagundidwepo, ndipo tsopano mnzawo wawagundidwira.

Kalata yako ya m'sitima inafika isanafike yotiuza kuti tiiwotche. Shozo anaibisa m'bokosi la mitu ya zidole. Nzeru zake zimenezo, kubisira Bambo chinthu m'bokosi limene amatsegula m'mawa uliwonse. Bambo anaiwerenga pakhonde, kawiri. Ine ndinkasenda mbatata chapafupi, kunamizira kusaona. Atamaliza anaseka, Tamae. Kuseka kwenikweni, ndi pakamwa popotokapo. Anati, "Akuti ndimapuma ngati ng'ombe." Kenako anapukuta m'maso n'kundipempha pepala.

Alemba ndi dzanja lamanzere, masiku anayi, ndipo mapepala asanu ndi awiri apita kumoto. Sindinawerenge, ngakhale ukudziwa wekha mmene zandivutira. Ndaika m'envelopu momwemu.

Fusae


Okuyasu
11 Novembala 1974

Tamae mwana wanga,

Moni. Uli bwanji. Zilembo n'zoipa, upirire.

Dzanja la Onui linali bwino. Pamtsinje unafulumira pang'ono.

Usapepese. Wa kumiyendo akatsamira mnzake amagundidwa, ndinakuphunzitsa ndine. Koma sindinatsamire chifukwa cha kutopa kokha.

Za Noboru. Ndinavomera sabata yoyamba. Ndinamuona akumanga matabwa pa lole, ankamanga bwino, mfundo zake zinali za munthu wosamala. Koma ndinkadziwa kuti ndikanena inde upita. Ndiye ndinasunga inde wanga tsiku limodzi, kenako lina. Tsiku la basi lija, zaka 16 zapitazo, ndinali m'nyumba ya zidole. Ndinamvetsera injini mpaka inazimirira. Ndinalakwa.

Dzanja unaona pamasitepe lija silinali lokutsanzika. Ndinkalimbana ndi mfundo ya chophimba. Fusae anamanga yolimba, ndipo dzanja limodzi silinathe kumasula.

Pamene unagunda pada ngati biringanya. Fusae akufuna kupakapo mankhwala, ndakana. Ndimapayang'ana m'mawa uliwonse ndikamavala. Zaka 16, ndi pokhapo pamene mwana wanga wandikhudza. M'mbali mwayamba kale kuchita chikasu. Dokotala akuti masabata awiri pakhala patatha.

Sewero latha, zidole tatsekera. Ndilibenso chifukwa china chokuitanira. Ndikukuitana ndine. Ubwere pasanapole.

Bambo ako,
Kiichi